Kuchoka ku Reaves Park Kufika pa Zikho 8: Kodi Mayi Patty Gasso Anaimanga Bwanji Timu ya Oklahoma?

Nangozo wa ku Norman:
Abale ndi alongo, ndakhala mumzinda wa Norman, m'chigawo cha Oklahoma kuno ku America, kwa zaka zingapo tsopano, ndipo pali nkhani imene ndakhala ndikufuna kuti tiikambirane. Panja pa bwalo latsopano la softball la University of Oklahoma pali chiboliboli cha mayi wina amene akadali moyo ndipo akugwirabe ntchito yake. Dzina lawo ndi Mayi Patty Gasso, mphunzitsi wamkulu wa timu ya atsikana ya pa yunivesiteyi kuyambira mu 1995. Iwo atenga chikho cha mayunivesite a dziko lonse ka 8, m'zaka za 2000, 2013, 2016, 2017, 2021, 2022, 2023 ndi 2024, ndipo palibe timu ina ya softball imene inatengapo chikhochi zaka zinayi zotsatizana. Komabe chimene chimandigwira mtima si zikhozo ayi, koma malo amene anayambira. Pamene ankafika kuno kuchokera ku Long Beach City College ku California, timuyi inalibe bwalo lakelake. Inkasewera ku Reaves Park, paki ya khonsolo ya mzinda, kumene atsikanawo ankayamba atola zinyalala ndi zitini za mowa zosiyidwa ndi abambo amene ankasewerapo madzulo, ndipo dzuwa likapendeka ankayenera kuchokapo kuti abambowo alowe. Ndimadutsa pa pakiyo kawirikawiri popita ku ntchito, ndipo nthawi zonse ndimadzifunsa kuti munthu amachita chiyani kuti achoke pamenepo n'kufika pomuimikira chiboliboli.

Gama:
Mayi Nangozo, zikomo poyambitsa nkhaniyi, koma musatisiye m'mbuyo ife amene sitinaonepo masewerowa ndi maso. Kodi softball ndi baseball yomwe ija, kapena pali kusiyana? Ndikufunsa kuti pamene mukutchula zipambanozi ndidziwe kulemera kwake.

Nabanda:
Bambo Gama, ndiyankheko ine popeza ndikuphunzira ku Texas kumene masewerowa amaonetsedwa pa kanema pafupifupi tsiku lililonse nyengo yake ikafika. Awiriwa ndi pachibale, koma mpira wa softball ndi waukulu, bwalo lake ndi laling'ono, ndipo woponya mpira sauponya kuchokera pamwamba pa phewa. Amazunguza mkono wonse n'kuutulutsa mpirawo cha m'chiuno, ataima pa mtunda wa mamita 13 okha kuchokera pamene pali womenya, kotero kuti womenyayo amakhala ndi kanthawi kochepa kwambiri kosankha kumenya kapena kuusiya. Masewero amodzi amakhala ndi zigawo 7, ndipo m'chigawo chilichonse timu imamenya mpaka osewera ake atatu atatulutsidwa. Pointi imapezeka wosewera akazungulira malo anayi a bwalo n'kubwerera pamene anayambira. Mpira ukamenyedwa n'kudumpha mpanda wa bwalo, chimene amachitcha home run, womenyayo pamodzi ndi anzake onse amene anali kale pa malowo amalowetsa mapointi. Chaka chilichonse matimu 8 otsala amakumana ku Oklahoma City pa mpikisano wotchedwa Women's College World Series, ndipo chikho chimene Mayi Nangozo akunena chimaperekedwa kumeneko.

Achisale:
Mwana wanga Nabanda watchula yekha mfundo imene ndimafuna kuyambira. Mpikisanowu umachitikira ku Oklahoma City, ulendo wosakwana ola limodzi pa galimoto kuchokera ku Norman. Timu ya ku Florida kapena ku California imakwera ndege, imagona m'mahotela, n'kukasewera pamaso pa anthu pafupifupi 13,000 amene ambiri mwa iwo avala zofiira ndipo akuchemerera Oklahoma. Kodi pamenepo tinganene kuti onse akupikisana mofanana? Sindikunyoza Mayi Gasso ayi, koma tisanayambe kuwaimbira m'manja tiyeni tivomereze kuti ndime yomaliza amaisewerera pakhomo chaka ndi chaka, mwayi umene aphunzitsi anzawo alibe.

Nangozo wa ku Norman:
Achisale, mfundo yanuyo aphunzitsi a matimu ena amaidandaulanso, ndipo sindingakane kuti khamu la ochemerera limathandiza. Koma taonani zaka zake. Mpikisanowu wakhala ukuchitikira ku Oklahoma City kuyambira mu 1990, kupatula mu 1996 pamene unapita ku Columbus m'chigawo cha Georgia. M'zaka khumi zoyambirirazo timu ya Oklahoma sinapondeko n'kamodzi komwe, ngakhale kuti bwalolo linali pafupi chimodzimodzi ndi lero. Inafikako koyamba mu 2000, ndipo chaka chomwecho inagonjetsa UCLA, yunivesite ya ku Los Angeles, 3 kwa 1 n'kutenga chikho. Kuonjezera apo, Oklahoma State ya ku Stillwater nayo ili pafupi ndi bwalo lomwelo, yafikako kangapo, koma chikhochi sinachigwirepo. Kukhala pafupi kukanakhala kokwanira, bwenzi anansi athuwo ali nacho ngakhale chimodzi.

Muyeneranso kudziwa mmene zinthu zinalili nthawi imeneyo. Kuyambira mu 1988 mpaka 1999 chikhochi sichinatuluke m'zigawo za California ndi Arizona. UCLA, Arizona ya Bambo Mike Candrea, ndi Fresno State ndi amene ankangopatsirana. Kumadzulo kumeneko nyengo imalola ana kusewera chaka chonse, ndipo mtsikana waluso wa ku Los Angeles analibe chifukwa chosiyira kwawo kupita kudera la mphepo yozizira ndi akamvuluvulu. Mayi Gasso, pokhala wokulira ku Torrance ndiponso wosewerapo ku Long Beach State, ankadziwa makoleji ang'onoang'ono ndi makalabu a kumeneko, ndipo ntchito yawo yoyamba inali yokopa makolo kuti awapatse ana awo pamene analibe chooneka choti awaonetse. Bwalo lenileni analipeza mu 1998, limene pambuyo pake linatchedwa dzina la Mayi Marita Hynes, mkulu wa zamasewero amene anawalemba ntchito.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndakhala ndikuwerenga mwachidwi, ndipo ine diso langa lagwera pa mpata umene uli pakati pa 2000 ndi 2013. Zimenezo ndi zaka 13 zopanda chikho. Ndinaphunzitsako atsikana netball pa sukulu ina ya sekondale kwa nthawi yaitali, ndipo ndikudziwa kuti kupambana koyamba n'kosavuta kufotokoza: umangopeza gulu limodzi la ana ogwirizana, mwayi n'kukugwera. Chovuta chimabwera ana amenewo akamaliza sukulu. Ine zinandichitikira, ndipo akuluakulu a pa sukulupo atangoona zaka ziwiri zopanda kanthu anapereka timu kwa munthu wina, amenenso anachotsedwa posakhalitsa. Choncho ndikufuna kumva kuti m'zaka 13 zimenezo munkachitika chiyani, ndiponso kuti yunivesiteyo inapirira bwanji osawachotsa.

Nangozo wa ku Norman:
Aphunzitsi, mwakhudza pamene ine ndimaona kuti pagona nkhani yonse. Choyamba, ngakhale chikho cha 2000 chija chinatsala pang'ono kusabwera, chifukwa asanachitenge Mayi Gasso anali atatsala pang'ono kutula pansi udindo. Amuna awo, Bambo Jim Gasso, anali atabwerera ku California kukagwira ntchito, malipiro a mphunzitsi wa softball anali ochepa, ndipo mayiwo ankalera okha ana aamuna awiri kwinaku akuyendetsa timu. Chikhocho ndi chimene chinasintha zinthu, banja n'kukhazikika ku Norman.

Pambuyo pake timu inafika ku Oklahoma City chaka chilichonse mpaka 2004, koma kuyambira 2005 mpaka 2010 sinafikeko n'komwe. Sikuti inali timu yofooka, inkapambana masewero ambiri ndithu, koma inkagwera panjira. Mayi Gasso eni ake anenapo poyera kuti m'zaka zawo zoyambirira anali mphunzitsi waukali, wofuna kuti chilichonse chiyende monga alamulira, ndipo kuti anayenera kusintha kachitidwe kawo ndi osewera. Kwa munthu amene ali kale ndi chikho m'kabati, kuvomera kuti njira imene inakupambanitsa yatha ntchito si chinthu chapafupi. Zipatso zake zinayamba kuoneka mu 2011 pamene anabwerera ku mpikisano uja. Mu 2012 anagonja kwa Alabama m'ndime yomaliza, ndipo mu 2013 anapambana masewero 57 n'kugonja 4 okha, ali ndi Keilani Ricketts woponya ndi Lauren Chamberlain womenya, onse awiri ana a ku California. Chaka chimenecho, pa 20 Meyi, kamvuluvulu woopsa anasakaza tauni ya Moore imene ili pakati pa Norman ndi Oklahoma City, ndipo anthu a kuno amakumbukira chikhocho pamodzi ndi maliro a masiku amenewo.

Nabanda:
Ndionjezereko chitsanzo chimodzi pa za kusintha kumene Mayi Nangozo akunena, chifukwa ngakhale ife a ku Texas, amene Oklahoma ndi mdani wathu wa pa bwalo, timachidziwa. Jocelyn Alo, mtsikana wa ku Hauula ku Hawaii, anamenya ma home run 30 m'chaka chake choyamba mu 2018. Chaka chotsatira anthu ankayembekezera zoposa pamenepo, mwanayo anapanikizika, ndipo mpira unayamba kumukana. Mayi Gasso sanamuonjezere maola a masewero olimbitsa thupi monga ambiri akanachitira. Anamuuza kuti achoke kaye pa timu kwa masiku angapo, asagwire ndodo yomenyera, akangokhala mwana wa sukulu ngati wina aliyense. Kumuika pambali wosewera wako wodalirika nyengo ili mkati kumafuna kulimba mtima. Chaka chimenecho Alo anangomenya 12, koma mu 2021 anamenya 34, mu 2022 enanso 34, ndipo anamaliza ndi 122, kuposa 95 za Chamberlain zimene zinali mbiri ya dziko lonse. Home run imene anaphwanyira mbiriyo anaimenyera kwawo ku Hawaii komweko, abale ake akuonerera.

Achisale:
Nkhani ya mtsikana wa ku Hawaii ndi yokoma, ndipo ndavomera kuti mfundo yanga ya mtunda ija Mayi Nangozo aifooketsa. Tingokumbukira kuti Alo anasewera nyengo zisanu chifukwa mliri wa Covid unadula nyengo ya 2020, osewera n'kupatsidwa chaka choonjezera. Koma ndili ndi nkhawa ina yoposa yoyamba ija. Zikho zinayi zomalizazo zabwera nthawi imene malamulo anamasuka, wosewera n'kumatha kusamuka yunivesite mosavuta, ndiponso kuyambira mu 2021 n'kumalandira ndalama kudzera m'dzina ndi kutchuka kwake. Taonani oponya mpira amene anawathandiza. Giselle Juarez wa mu 2021 anachokera ku Arizona State, Hope Trautwein wa mu 2022 anachokera ku North Texas, Alex Storako wa mu 2023 anachokera ku Michigan, ndipo Kelly Maxwell wa mu 2024 anamutenga kwa anansi awo enieni a Oklahoma State. Ana amenewa anaumbidwa ndi aphunzitsi ena. Kodi kumeneku tikutche kumanga timu, kapena kukolola m'munda umene analima ndi ena?

Mphunzitsi Wopuma:
Achisale, funso lanu landilasa chifukwa ine ndinali mmodzi wa olima m'munda wokololedwa ndi ena. Mwana amene ndamuphunzitsa kugwira mpira kuyambira Fomu 1 ankatengedwa ndi sukulu ya ndalama akangoyamba kuwala, ndipo ululu wake ndimaudziwa. Komabe ndinaonanso mbali inayo: sukulu zina zinkasonkhanitsa akatswiri okhaokha n'kumagonjabe, popeza aliyense ankafuna kuti mpira uzidutsa mwa iye. Kulandira mlendo amene anali mfumu kwawo n'kumuchititsa kuti avomere kukhala pa benchi masiku ena, popanda kukhumudwitsa ana amene unawalera wekha, nalonso ndi luso la mphunzitsi. Ndikanakonda kudziwa ngati msana wa timu ya zaka zinayizo unali wa alendo kapena wa ana a pakhomo.

Nangozo wa ku Norman:
Unali wa ana a pakhomo, aphunzitsi. Tiare Jennings, Jayda Coleman, Kinzie Hansen, Rylie Boone ndi Nicole May anayambira kuno ndipo analipo pa zikho zonse zinayi. Alendo ankabwera kudzatseka mipata, makamaka pa oponya mpira. Ndipo khomo limene alendo amalowera ndi lomwenso ena amatulukira: Jordy Bahl, amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana pa mpikisano wa 2023, anachoka patangopita masiku ochepa chikho chitatengedwa n'kubwerera kwawo ku Nebraska.

Ndiloleni ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga pa 27 Meyi 2023, ku bwalo lakale la Marita Hynes. Oklahoma inali itapambana masewero 47 otsatizana, kufanana ndi mbiri imene Arizona inaika mu 1996 ndi 1997, ndipo tsikulo inkasewera ndi Clemson. Pofika chigawo cha 7, chomwe ndi chomaliza, tinali kumbuyo 7 kwa 4. Osewera awiri anali atatulutsidwa kale, awiri ali pa malo awo kudikira, ndipo Kinzie Hansen anali atatsala ndi mwayi umodzi wokha. Mayi wina wachikulire amene anakhala pafupi nane anali atapinda kale kansalu kake kokhalira, chikwama chili paphewa. Hansen anaumenya mpirawo n'kudumphitsa mpanda wa kumanzere, mapointi atatu n'kulowa nthawi imodzi, ndipo mayi uja, amene sindinkamudziwa n'komwe, anandikumbatira mpaka magalasi anga anagwa. Poti tsopano tinali titafanana 7 kwa 7, zigawo zinaonjezedwa, ndipo m'chigawo cha 9 Jennings anamenya home run ina, masewero n'kutha 8 kwa 7. Chimene ndinachiona bwino, poti ndinali moyang'anana ndi benchi yathu, n'chakuti pamene tinali kumbuyo panalibe wosewera wozyolika kapena wokalipira mnzake, ndipo Mayi Gasso anangoima pa malo awo cha ku ngodya yachitatu ngati palibe chachilendo. Onse awiri amene anapulumutsa tsikulo anali ana oleredwa pakhomo. Nyengo imeneyo inatha atapambana 61 n'kugonja kamodzi kokha, kwa Baylor mu Febuluwale.

Gama:
Tsopano ndayamba kumvetsa. Nanga mndandanda wa kupambana kotsatizanawo unathera pati? Ndipo kodi mayiwa amagwira okha ntchito yonseyi, poti mutu umodzi susenza denga?

Nabanda:
Unafika pa masewero 71, Bambo Gama, ndipo mathero ake ndi oseketsa pang'ono kwa ife adani awo. Bwalo latsopano la Love's Field, lokhala anthu 4,200, linatsegulidwa pa 1 Malichi 2024, ndipo patangopita masiku awiri timu ya Louisiana inawagonjetsa 7 kwa 5 pa bwalo lomwelo. Anadikira zaka zambiri kuti alowe m'nyumba yatsopano, n'kugweramo sabata yoyamba. Koma chaka chomwecho anatikwapula ife a Texas m'ndime yomaliza, monga anachitiranso mu 2022, choncho kuseka kwathu sikunapite patali.

Pa za othandizana nawo, mwana wawo JT Gasso ndi amene amaphunzitsa omenya mpira, ndipo Mayi Jennifer Rocha, amene anasewerapo pansi pa Mayi Gasso m'zaka za m'ma 1990, amaphunzitsa oponya. Ena amene anadutsa m'manja mwawo akuyendetsa matimu awoawo. Bambo Tim Walton anali wothandizira wawo pa chikho cha 2000, kenako anakatenga zikho ziwiri ndi Florida mu 2014 ndi 2015. Bambo Walton ndi Mayi Gasso anakumana m'ndime yomaliza ya 2017, ndipo masewero oyamba anatenga zigawo 17 m'malo mwa 7, Oklahoma n'kupambana 7 kwa 5. Mayi Melyssa Lombardi, amene anakhala nawo zaka zoposa 20, anapita kukatsogolera timu ya Oregon mu 2018.

Achisale:
Za mwana wawo kukhala pa benchi yomweyo ndikanafunsapo mafunso, koma poona mmene omenya ake amachitira, ndingotseka pakamwa. Chimene sindikusiya ndi nkhani ya ndalama. Mu 2025 Oklahoma inagonja 3 kwa 2 kwa Texas Tech itatsala pang'ono kulowa m'ndime yomaliza, ndipo amene anawatsekera njira ndi NiJaree Canady, woponya amene anachoka ku Stanford atapatsidwa mgwirizano wa ndalama zoposa madola 1 miliyoni pa chaka. Texas Tech inali isanafikepo ku Oklahoma City m'mbiri yake yonse, koma chaka chimodzi chokha inafika mpaka kumapeto. Ngati ulendo umene Mayi Gasso anauyenda kuchokera ku paki ya zinyalala ungathe kufupikitsidwa chotere ndi anthu olemera ochepa, ndiye kuti mphunzitsi wachitsikana amene akuyamba lero sangatsatenso mapazi awo, ngakhale atafuna.

Nangozo wa ku Norman:
Pamenepo sindikutsutsani kwenikweni, Achisale, ngakhale ndikumbutse kuti chikho cha 2025 sichinapite ku Texas Tech, chinapita ku Texas ya Bambo Mike White, amene anali atagonja kawiri m'ndime yomaliza asanachigwire. Ndikumbutsenso kuti Oklahoma ya 2025 inali itataya pafupifupi msana wonse wa zikho zinayi zija, inalowa kumene mu SEC, ligi ya mayunivesite a kum'mwera chakum'mawa kwa America, imene ndi yolimba kwambiri, koma inakhalabe pamwamba pa ligiyo ndipo inafika pakati pa matimu anayi omaliza. Kwa ine nyengo imeneyo ikunena zambiri za mphunzitsiyu kuposa ya 2023, pamene aliyense ankadziwa kuti ali ndi akatswiri.

Mphunzitsi Wopuma:
Ine ndikuganizabe za Mayi Marita Hynes ndi akuluakulu amene anawatsatira, amene anaona zaka 6 zikudutsa timu isakufika ku Oklahoma City koma sanasinthe mphunzitsi. Akanachita zimene anandichita ine, bwenzi zikho 7 mwa 8 zimenezi kulibe, kapena zili ku yunivesite ina. Kodi mayiwa atsala ndi zaka zingati pa ntchitoyi, Mayi Nangozo? Poti anabadwa mu 1962, si mwananso ayi.

Nangozo wa ku Norman:
Ntchito ikuoneka kuti ikungoonjezereka, aphunzitsi. Mu Febuluwale 2025 anasankhidwa kukhala mphunzitsi wamkulu wa timu ya dziko la America, imene ikukonzekera masewero a Olympics a 2028. Ngakhale mwini masewerowo ndi mzinda wa Los Angeles, softball idzaseweredwa ku Oklahoma City, pa bwalo lomwe lija Achisale amadandaula nalo.

Achisale:
Ndiye kuti Japan, imene inatenga golide mu 2008 ndi pa masewero a ku Tokyo, nayo idzalawa zimene Florida State ndi Texas akhala akulawa pamaso pa khamu limenelo. Mayi Nangozo, matikiti akadzayamba kugulitsidwa mudzatiuze mtengo wake, ndipo mukadzapita mudzakhalenso moyang'anana ndi benchi, koma magalasi mudzawamange ndi kachingwe.